Lipoti Limene Ndinalitaipa Kawiri

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndinkataipa malipoti pa ofesi ina yofufuza za matenda ku Bethesda, kuno kudziko la azungu. Chilichonse ndinkachitaipa ndi pepala la kaboni, kope limodzi n'kupita nalo kunyumba ku Laurel. Mayi a kunyumba ankadandaula kuti makatoni atilanda chipinda cha alendo.

Ndinkatumikira akatswiri awiri: mkulu wa gulu lofufuzalo, mzungu wobadwira konkuno, ndi dokotala wina wochokera ku China. Dokotalayu kuti amuwonjezere nthawi ya ntchito, ankafunika kuonetsa kafukufuku amene anatsogolera yekha. Kupanda apo, ulendo wa kwawo.

Polemba, dokotalayo ankayamba ndi masamba atatu otamanda amene anafufuzapo kale. Zimene wapeza iye ankazikwirira kumapeto, n'kuzinena mosapsatira kuti zili chonchi basi, koma osadzitchula paliponse. Mkuluyo ankadziika pa tsamba loyamba lomwe, kenako n'kumazemba: mwina, zikuoneka ngati, tinganene kuti. Ine munthu wolemba choncho sindimukhulupirira. Amakhala wasiya khomo lakuseri lotsegula.

Tsiku lina mkuluyo anatenga lipoti la dokotala kuti akonzemo Chingelezi. Linabwerera pa desiki yanga patatha sabata ziwiri. Matamando onse anali atadulidwa. Zakumapeto zija zinali zitakwera pamwamba, zitafewetsedwa, ndipo zinkamveka ngati maganizo amene mkuluyo anali nawo kuyambira kalekale. Dzina la mkuluyo linali loyamba.

Ndinayala makope onse awiri pamaso pa dokotala.

"Adokotala, onani apa. Akuberani dzuwa likuswa mtengo."

Anaseka. "Bambo, inu mumakayikira ngakhale wotchi yapakhoma. Kuno amalemba choncho. Ine ndikanena motsimikiza, a magazini amandibwezera ati ndikudzitama."

"Nanga dzinali?"

"Kwathu wophunzira satsogola mphunzitsi."

"Kwathunso n'chimodzimodzi. Koma mphunzitsi wake uti? Woti sanagwirepo botolo ndi limodzi lomwe?"

Anangondithokoza n'kubwerera ku mabotolo ake.

Lipoti linasindikizidwa, anthu analiyamikira. Patapita miyezi, komiti yoona za ntchito inafunsa dokotala kuti aonetse chimene anatsogolera. Anabwera kwa ine chipewa chili m'manja.

"Bambo, kope loyamba lija mukadali nalo?"

Ndinali nalo, ndi deti lomwe ndinalemba pakona. Komiti inaliwerenga. Yankho lawo ndinataipa ndine ndemwe, mano ndili kukukuta: ati m'masamba onsewo mulibe pamene wolembayo akunena kuti zopezekazo ndi zake, ndipo tsamba lachiwiri likuyamikira mkuluyo kuti ndi amene anaunikira njira. Ulemu wa dokotala womwewo unasanduka mboni yomutsutsa.

Dokotala ananyamuka kubwerera kwawo m'nyengo yozizira, ndinamunyamulira sutikesi mpaka pa basi. Anzanga a pa ofesi ankati mkuluyo sanalinge zoipa, anangothandiza mlendo. Ine ndinaona mmene mkuluyo anawerengera tsamba lachiwiri lija tsiku limene analandira lipotilo. Analiwerenga kawiri, n'kulipinda pakona.