Tebulo la Mirriam wa ku Biriwiri

Mukafunsa za Mirriam kuno ku Biriwiri, ena akuuzani kuti ndi mlimi wa kachewere, ena akuuzani kuti ndi mayi wosokoneza uja wa mawaya. Onsewo sakunama. Ine ndakhala naye moyandikana kuyambira tili atsikana, ndipo mutu wake wouma ndimaudziwa bwino.

Bambo ake anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni, ndipo pobwerera anabwera ndi wailesi yaikulu imene mwana sankaloledwa kuikhudza. Itasiya kuyankhula anaifunditsa nsalu, n'kukhala choncho mpaka mwini wake anamwalira. Mirriam, ali kale ndi ana awiri, anaitsegula ndi mpeni n'kupeza kuti kawaya kamodzi kokha ndi kamene kanaduka. Anapsa mtima kwambiri. Zaka zonsezo nyumba ili zii chifukwa choopa kutsegula chinthu chawo chomwe.

Kuchokera pamenepo anayamba kutolera matochi, mafoni ndi nyale za sola zakufa. Anaphunzira pofunsa okonza zinthu a pa boma ndiponso powononga, ndipo anawononga zambiri. Kenako mpingo wathu unamubwereka kachipinda kumene kale tinkasungirako chimanga. Anaikamo tebulo lalitali, zida zake n'kuzikoloweka pakhoma popanda loko. Malamulo ake anali atatu: chilichonse chili patebulo ungachitsegule, chimene waphunzira uphunzitse mnzako, ndipo wowononga sathamangitsidwa. Kunkabwera a kabaza, amayi a kudimba, ngakhale aphunzitsi. Ine ndinkapitako kukatchaja foni ndi kukamva nkhani, osati zoti ndigwire mtovu wotentha wolumikizira mawaya.

Mavuto anabwera ndi mvula ya chaka chatha. Denga la kuchipinda cha kwaya linayamba kudontha, ndiye oimba ananyamula kiyibodi ya mpingo n'kukaiika kwa Mirriam iye ali kumunda. Anaiika patebulo penipeni. Austin, bambo wa kabaza wa ndevu zake, atafika anaona chinthu chili patebulo ndipo anachita zimene lamulo limanena. Anafuna kuona kumene nyimbo zimachokera. Potsegula anang'amba kalamba kopyapyala kodzaza timawaya, kiyibodi n'kufa. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli tinadya tonse, chifukwa Lamlungu lotsatira kunali chikondwerero cha makwaya.

A Wilfred, mkulu wa mpingo, si munthu woipa. Anangonena kuti katundu wa Mulungu saseweretsa, ndipo akulu agwirizana kuti Mirriam atchule amene wachita zimenezi kuti aletsedwe kupondanso pamalopo. Akakana, abweze kiyi wa chipinda.

Mirriam anavomera kuti lamulo lake linali ndi mpata, ndipo tsiku lomwelo anawonjezera kuti chinthu cha eni uyambe wapempha mwini wake. Koma dzina anakana.

“Bambo, munthuyo watsata lamulo langa,” anatero. “Kiyibodi tikonza. Dzina sindikupatsani.”

Kalamba koteroko sikapezeka m'sitolo za kuno. Mirriam anati ngati kalambako ndi timawaya tambiri togundana, ndiye tilumikize kamodzikamodzi. Tinayenda m'makomo kupempha timahedifoni takufa, n'kumasenda timawaya take toonda ngati tsitsi. Mirriam anasiya kupalira kachewere, udzu n'kumakula. Austin anaimika njinga yake mlungu wonse, n'kumagwira ntchito maso ali pansi, koma pakati pa anthu ambiri chotero palibe akanamuloza chala. Ngakhale amayi a kwaya, amene poyamba ankangotukwana chamumtima, anakhala pansi n'kuphunzira kuwotcherera. Inenso ndinapsa chala, ndipo ndinadandaula mokwanira kuti aliyense amve.

Lamlungu kiyibodi inalira. Mabatani atatu akumapeto anakhalabe osayankhula, koma woimba wathu anawazemba mwaluso, ndipo alendo ochokera ku Mlangeni sanadziwe kanthu. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinalakwitsa. Lolemba a Wilfred anabwera n'kuthokoza ntchitoyo ndi mtima wonse, kenako anati chigamulo cha akulu sichinasinthe. Anamuchonderera ndithu kuti angotchula dzinalo, zinazo aziona okha. Mirriam anamasula kiyi pa mpango wake n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Zinandiwawa, ndipo ndinamuuza kuti akutaya chipinda chabwino chifukwa cha Austin, bambo wamkulu amene akanatha kudziyankhulira yekha. Mirriam anangopitiriza ntchito yake. Anali kalikiliki kuchotsa zida pakhoma, akuuza anthu kuti kuyambira mawa azibwera pakhonde pake, achotsapo matumba a kachewere. Khondelo ndi lopanikiza, mphepo ya m'mapiri muno imawomba ngati yatumidwa, ndipo magetsi kulibe kupatula kasola kamodzi.

Amene ananyamula tebulo ndi Austin. Atalikweza panjinga yake yamoto anaima chingwe chili m'manja, n'kuyang'ana kunyumba ya a Wilfred.

“Mayi, ndilekeni ndipite ndikanene kuti ndine,” anatero motsitsa mawu. “Chipinda chibwerere. Ine ndizikhala kwathu.”

“Mukapita, aliyense aona zimene zimam'chitikira munthu wowononga,” anayankha Mirriam. “Mawa ndani adzayerekeze kutsegula chinthu? Ndidzakhala ndi chipinda cha anthu opinda manja.”

Austin anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Mirriam anagwira mwendo wa tebulo n'kuligwedeza kuti aone ngati lakhazikika.

“Mangani zolimba, a Austin. Njira ya kwathu ndi yokwera.”