Pini Imene Inapita ndi Ndege

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri la Ndirande. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mu Sitandade 4, chaka changa chomaliza kusukulu.

Aphunzitsi athu a sayansi, a Nampinga, anali ndi kachipinda kamene ankakatcha labotale, ngakhale munali tebulo limodzi ndi mabotolo opanda kanthu. Tsiku limenelo anabweretsa makatoni otola ku mafakitale a ku Makata, mapesi ndi guluu, kuti tipange ndege zopanda injini, zongoyandama pamphepo. Anyamata analanda malezala onse. Atsikanafe anatipatsa matsache.

Ine sindinkayankhula m'kalasi. Yunifolomu yanga inali yong'ambika paphewa, yogwidwa ndi pini imodzi, ndipo ndinkakhala kumbuyo kuti anthu asaone. Koma zidutswa zimene ndinasesa sindinataye. Ndinakhala pakona n'kumamata mapiko paphesi, fungo la guluu likundizunguza mutu, ndikudziona ndikuyandama pamwamba pa malata a ku Chemusa.

Titatuluka pabwalo kukaziyesa, yanga inadzutsa mutu n'kugwa chagada.

"Ya Esinati yaledzera!" anakuwa Yohane, mtsogoleri wa zachipongwe, onse n'kufa nazo.

A Nampinga anaitola, n'kuikhazika pachala chawo. "Mapiko ali bwinobwino, mwanawe. Yangopepuka kumphuno. Ikufuna kachitsulo kakang'ono. Uli nako?"

Ndinali nako kamodzi kokha, ndipo kukachotsa kunali kuika phewa langa poyera pamaso pa anyamata onse. Kamvula kanali kakundinyowetsa nsidze. Kenako ndinamasula pini ija n'kuibaya kumphuno kwa ndege. Dzanja lamanzere linagwira nsalu, lamanja linaponya.

Sinathamange. Inangotsetsereka mwakachetechete ngati ikumvetsera chinachake, inadutsa pamwamba pa mpanda, n'kulowa mu nkhungu. Ndinangozindikira manja anga onse awiri ali m'mwamba. Palibe anayang'ana phewa langa, ngakhale Yohane. Anali kukamwa yasa.

Lero ndikapita kusikelo ndi mwana wanga, manyazi akandigwira pofuna kufunsa anesi, ndimakumbukira tsiku lija. Anthu sayang'anitsitsa pong'ambika monga momwe ife eni ake timaopera.

Ndege ija sitinaipeze, ndipo pini inapita nayo. M'mawa mwake ndinabwereka singano kwa amayi, ndinasoka phewa lija ndekha, msoko wokhotakhota, ndipo nditafika m'kalasi ndinakakhala mzere wakutsogolo.