Ngwee Khumi za Pepala la ku Positi

Dzana mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku kanselo atakwinya nkhope. Akuti anapita kukalipira msonkho wa nyumba ndi khadi ija amailowetsa m'kamakina, ndiye amuonjezera kandalama pamwamba, ati ndi ka makinawo. "Agogo, makina ni yawo, koma wolipira ndine!" Ine kuseka mpaka kutsokomola. Ndinati mwana iwe, takhala pansi. Zimenezo sizinayambe ndi makina. Ine zinandipeza kalekale, ufulu ukadali wanthete, ndalama zitangosintha kuchoka ku masheleni kupita ku ngwee.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Matero, mu Lusaka, m'nyumba ya kanselo ya zipinda ziwiri. Bambo a ana ankagwira ntchito yomanga, ine ndinkagulitsa tomato ndi repu pamsika. Mwana wathu woyamba anakhoza mayeso opitira ku sekondale. Mtsikanatu! Mumzere wonse wa nyumba zathu anakhoza yekha. Tsiku limene tinamva, ndinali pampopi. Ndinalulutira kuyambira pampopi mpaka pamsika, ndowa ndinaiiwala pomwepo, anachita kundibweretsera a neba.

Koma kalata ya kusukulu inachedwa. Ife bokosi la makalata tinalibe, tinkalandirira kuntchito kwa bambo ake, ndipo kapitawo wawo anayenda nayo m'thumba la ovolosi masabata awiri. Inafika ili mbuu ndi simenti. Mwana anaiwerenga katatu, ine ndikumvetsera, poti m'kalasi sindinapondemo. Kalata inati malo alipo pa sukulu yogonera komweko, kwathu kum'mawa. Ndalama asatumize zamanja ayi, agule posito oda, pepala lija la ku positi loimira ndalama. Ndipo kalata yotumizira pepalalo idindidwe ku positi lisanapite Loweruka lomaliza la mwezi, apo ayi malo apatsidwa kwa wina.

Tsikulo linali Lachinayi. Loweruka lomalizalo linali mkuja.

Eee, ndinathamanga! Amayi anzanga a chilimba, aja tinkasonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, anandipatsa gawo langa nthawi isanakwane. Bambo a mwana anakapempha pang'ono kuntchito. Nkhuku zanga ziwiri zinapita, ina ikuikira. Pofika Lachisanu madzulo zinakwana ndendende: za sukulu, za envulopu, za sitampa. Osatsala ngakhale ngwee imodzi ya basi. Ndinamanga zonse pamfundo ya chitenge, mfundo ziwiri, ndi kuipisa m'chiuno.

Loweruka tinalawira, ine ndi mwana, wapansi. Kudutsa kumafakitale, fumbi mpaka m'mawondo, koma ine sindinkamva mapazi. Aliyense amene ndinkakumana naye ndinkamuuza. "Uyu mukumuonayu apita ku Fomu Wanu!" Ngakhale munthu wogulitsa makala panjinga ndinamuimitsa. Mwana ankangondikoka chitenge. "Amai, tiyeni, positi amatseka masana Loweruka."

Tinafika titapukuta mapazi ndi udzu. Anthu! Kunali kutha kwa mwezi, azibambo onse a mu Lusaka akutumiza ndalama kumidzi kwawo. Mzere unatulukira pakhomo n'kukhota. Ine m'nyumba imeneyo ndinali ndisanalowemo chibadwire. Kale, nthawi ya azungu, ife tinkaimira pakawindo kakumbali. Tsikulo ndinalowera pakhomo lalikulu, pansi poterera ngati mbale, ndipo mumtima ndinati ufulu ndi umenewu.

Tinaima, tinaima. Pofika pawindo, mwana anandinong'oneza kuti wotchi yapakhoma yatsala pang'ono kugunda thwelofu. Kalaliki anali mnyamata wa tayi, bolopeni kukhutu. Ndinamasula mfundo, ndinathira ndalama pathabwa. Anawerenga ndi zala ziwiri, msangamsanga ngati akusankha nyemba. Kenaka anadzutsa mutu.

"Amai, vasala teni ngwee."

"Zatsala bwanji? Werenganinso, bambo. Takhala tikuwerenga usiku ndi usana."

"Va sukulu vakwana. Manje pali komishoni. Pepala iyi si ya mahala."

Ndinatembenukira kwa mwana. "M'kalata analembamo zimenezo?" Mwana anapukusa mutu, maso ayamba kale kunyowa.

Ndinati, "Bambo kalaliki, tandiuzani. Wafuna pepalali ndani, ine kapena sukulu?"

"Ni sukulu."

"Sukulu ndi ya ndani?"

"Ya boma."

"Nanga positi?"

"Ya boma futi."

"Ndiye boma lakana ndalama zanga zamanja, lati ndigule pepala kwa boma, ndilipirenso boma chifukwa chondigulitsa pepala lopita ku boma? Ine pamsika munthu akagula tomato ndimamukulungira m'nyuzi, sindimulipiritsa nyuzi. Ndimamuikiranso mbasela pamwamba. Kuno mbasela amapereka wogula?"

Kumbuyo anthu anaseka. Kalaliki naye anamwetulira, koma dzanja linali litayamba kukankhira ndalama zanga kwa ine. Anati, "Amai, nimvela, koma lamulo sinapange ndine. Nikachotsa pa va sukulu, pepala izachepa, sukulu izakana. Pezani teni ngwee, olo mubwere pa Mande."

Lolemba! Lolemba malo a mwana wanga akhala atapita. Ndinayesa kunenerera monga timachitira pamsika. Ndinati chotsaniko zisanu. Ndinati sungani duku langali, ndidzaliombola. Ndinati envulopu isiyeni, tikulunga m'pepala lililonse. Iye anati envulopu ndi sitampa pamodzi sizifika ngwee khumi, ndiponso kalata yopanda sitampa ipita ndi ndani? Mesenjala wa yunifolomu ya khaki anali atatseka kale chitseko chimodzi. Mwana wanga anayang'ana pansi, misozi ikudontha pa kalata ya kusukulu ija.

Pamenepo kumbuyo kwanga kunamveka mawu aakulu.

"Ba mayo, tipatseniko mpata! Imwe ba kum'mawa timudziwani. Ndalama munagulira mbewa, manje muvutitsa ba kalaliki!"

Ndinacheuka. Bambo wamkulu thupi, jekete la mizeremizere, kumutu chipewa chabulauni chokhala ndi kanthenga pambali. Anandimva kalankhulidwe n'kudziwa kwathu. Ine nanenso ndinamva "ba mayo" uja, mtima unati uyu ndi Mbemba.

Tsono inu amene simudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Makolo athu anamenyana kale, atatopa anasandutsa nkhondo kukhala nthabwala. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani. Aliyense amati iye ndiye mfumu, mnzake ndi kapolo. Pamaliro a kwathu iwo amabwera kudzatipaka ufa kumaso, ife pamaliro a kwawo chimodzimodzi. Ndipo mbuya wako, mnzako wa pachimbuyayo, akakulanda chinthu, sukwiya, suitana polisi. Umachiombola ndi kandalama.

Sindinaganize kawiri. Ndinadumpha, tswii, chipewa chili m'manja mwanga. Pansi pake panali dazi lowala ngati poto watsopano.

Positi yonse inatembenukira kwa ine. Pamenepo ndiye mantha anandigwira. Ndinati kodi ngati si Mbemba? Ngati wangophunzira "ba mayo" ku migodi? Ndigona m'selo lero, mwana ataya malo, bambo ake amva kuti mkazi wawo wakuba zipewa m'tauni. Koma chipewa ndinali nditachipana kale m'khwapa.

Ndinakuwa, "Wodya anyani iwe, watukwana mfumu yako pagulu! Ombola!"

Bambo uja anagwira padazi ndi manja awiri. Anandiyang'ana. Kenaka mimba inayamba kugwedezeka, kuseka kunachita kuphulika.

"Yangu! Bakapolo aba! Onani, bantu ba mbewa bayamba kuba mu positi ya boma!"

"Kuba tinaphunzira kwa inu. Ombola, dzuwa lingakuotche ubongo."

Mesenjala anabwera akuthamanga, ndodo m'manja. "Ni chani apa?" Gogo wina pamzere anati, "Ni va chimbuya, mwana wanga." Mesenjala anaima, anayang'ana dazi, anayang'ana ine, anabwerera kuchitseko akupukusa mutu. Milandu imeneyo ngakhale boma siliweruza.

Ndiye mzere unagawikana pawiri! A kum'mawa mbali yanga, Abemba mbali yake. Wina akuti, "Musabweze amai, chipewa icho chikwana ise!" Wina akuti, "Mupatseni faifi ngwee akagule mbewa ibili!" Bambo uja anapisa m'thumba n'kutulutsa ngwee zisanu.

Ndinati, "Zisanu ndi za nthenga yokha. Chipewa chonse ndi khumi."

"Chipewa nagula ku Kitwe ichi, mayo!"

"Ndiye chifukwa chake. Chikanakhala cha kuno ndikanakuchotserako."

Anaonjeza zisanu zina, akudandaula mokweza kuti dziko lapita, akapolo alowa m'nyumba. Anaziika yekha pathabwa la kalaliki. Ndipo anafunsa, mawu atatsika tsopano, "Mwana apita kuti?" Ndinati ku Fomu Wanu. Anamuyang'ana mwana uja, anati, "Mukazi? Awe, wachita bwino. Uphunzire, mayo. Ukasiliza sukulu uzakwatiwa kwathu, talipira kale."

Ndinati, "Ndi ngwee khumi? Kwanu akazi ndi otchipa chomwecho?"

Ndinamuveka ndekha chipewa, chopendekeka dala.

Kalaliki anali akupukuta misozi ya kuseka ndi tayi. Anang'amba mapepala, anadinda, du! du! du! Mpaka lero phokoso limenelo ndimalimva m'chifuwa. Mwana analemba dzina la sukulu papepalapo, anapinda, analemba keyala pa envulopu n'kuimata ndi malovu. Ine ndinati sindiponya m'bokosi, ndikufuna ndione ndi maso anga chidindo cha lero chikugwera pa sitampa. Kalaliki anati, "Amai imwe!" koma anadinda ine ndikuona. Pamenepo ndinalulutira m'kati mwa positi, denga lake lalitali n'kumandibwezera mawu, amayi ena awiri a pamzere n'kundilandira. Mesenjala anatseka chitseko chachiwiri ife tikutuluka.

Pobwerera mwana anandisiya kumbuyo. Ankayenda kutsogolo, khosi lili gwa, manyazi. Mtsikana wa ku sekondale, amake akulanda zipewa za anthu! Tinadutsa tauni yonse chomwecho. Titafika kumafakitale ndinangoona mapewa ake akugwedezeka. Anakhala pansi pambali pa msewu, kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Amai, mutu uja! Munaona mutu uja?" Tinaseka awiri pafumbi pomwepo, njala tili nayo, m'thumba mulibe kanthu, anthu a panjinga akutiyang'ana ngati amisala.

Sukulu zitatsegulira anakwera basi ya kum'mawa ndi thiranki yachitsulo imene bambo ake anaipaka utoto wobiriwira wotsala kuntchito. Anakhala pawindo. Basi itanyamuka ndinathamanga nayo pambali mpaka pageti la siteshoni, ndikumuuza kuti asamabwereketse sopo.