Laputopu Yoopa Mtondo

Senderani kuno, mpata ulipo pamkekapa, mumve za mwana wanga wachiwiri, uja anafera ku Joni.

Mtembo wake sitinauone. Chimene chinatsika m'sitima padoko la Chipyela, pachilumba chathu chino, ndi chikwama cha zovala ndi laputopu yakuda yothetheka pakona. Mpongozi wanga ataiyatsa ndi moto wa sola, tinamupeza mwana wanga m'menemo, atakhala pabedi, akulankhula nafe. Anadzijambula akudwala. Mawu ake sanatsale kwina kulikonse.

Koma tikamuika pakhonde kuti timumve, pankachitika chinthu. Mayi woyandikana nafe akangoyamba kusinja chinangwa kuseri kwa mpanda, m'kati mwa laputopu munkamveka kuti kwe, mwana wanga n'kuima, kukamwa kuli yasa, maso ali pa ine. Munsi ukaleka, iye n'kupitiriza pomwe anasiyira. Anthu a ku Mbungo kuno anayamba kunong'ona kuti malemu akumudziwa amene anamudya. Mayi uja anasiya kutipatsa moni.

Ine ndi mpongozi tinanyamula laputopuyo wapansi mpaka kwa mphunzitsi wina wochokera ku Kasungu. Iye anati m'katimo muli kambale kozungulira, ndi kasingano koyandama pamwamba pake osakhudza. Laputopu ikamva kugwedezeka imayesa kuti ikugwa, ndiye imathawitsa kasinganoko kasanakande mbale. Anati ameneyo ndi mlonda wake, si mzimu ayi.

Mpongozi anapempha kuti mlondayo achotsedwe. Mphunzitsi anakana, nati popanda mlonda ikadzagwa zonse zithera pomwepo, tiyambe tagula kosungira kotchedwa fulashi tikoperemo mawuwo. Koma m'masitolo munalibe, ankadikira sitima.

"Aphunzitsi," anatero mpongozi, "bambo awa ali moyo sankamaliza nane nkhani. Andidulenso ndi pano?"

Mphunzitsi anapukusa mutu, komabe anadinadina, kumuchotsa mlondayo, n'kutibwezera laputopu.

Kuyambira pamenepo mtondo wa mayi uja unkalira, mwana wanga akulankhulabe. Tinamumva mpaka kumapeto, kambirimbiri.

M'mawa wina, sitima isanabwere, nkhuku zinangoti zii. Nthaka inabuula pansi pa mapazi anga, mbale zinagwedera m'nyumba. Chivomezi chaching'ono chabe. Laputopu inali pampando, mwana wanga ali pakati pa mawu, akuti, "Amayi, musadandaule, ine pano..." Ndinaiona ikutsetsereka, ikulankhulabe, mpaka pasimenti.

Galasi silinasweke. Koma tikaiyatsa, nkhope palibe. Mumangomveka kwe, kwe, kwe, ngati munthu akugogoda chitseko ali m'kati.

Mphunzitsi anati kambale kam'kati kaja kakandika, palibe chochita. Anasamutsidwa chaka chomwecho, anabwerera kumtunda. Mpongozi anakwatiwanso ku Yofu, laputopu anandisiyira. Mayi wa mtondo uja anausunthira kunsi kwa mlambe, ndipo mpaka anamwalira sanapondenso pakhonde panga. Ine ndilipo. Laputopu ili m'sutikesi pansi pa bedi, yokulungidwa m'chitenje. Masiku ena ndimauza wina andiyatsire, ndimve kugogodako.