Mphete ya Mkazi wa a Batire

Tsiku limene a Batire anapita kukaonekera kwa makolo a mkazi wawo, buluku linawachita chipongwe. Madzi a m'batire anali atalidya mwakachetechete, ndipo atangoti agwade mwaulemu, linangong'ambika kumbuyo konse. Apongozi anayang'ana kudenga. Mtsikanayo ndiye anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo odziwa nkhani amati ukwati unapsa ndi kusekako.

Dzina lakuti a Batire linachokera ku ntchito yawo. M'kachipinda kawo kuseri kwa msika munali batire ya galimoto, mawaya awiri, ndi mabotolo a madzi osungunuliramo mchere wa siliva. Ankakuta ndolo, masipuni ndi mamendulo a anthu kuti ziwale ngati zogula kumene. Ukalakwa n'kufunsa kuti zimatheka bwanji, ndiye kuti tsiku lako lathera pomwepo.

"Mchere ukalowa m'madzi umagawika pawiri, bwanawe," ankatero. "Magetsi akafika, siliva amathamangira ku waya wakuda. Chokutidwa chimakhala ku wakuda, chodyedwa ku wofiira. Wina amapereka, wina amalandira, ngati m'banja."

"Wodyedwa ndine," mkazi wawo ankayankha ali pampando wake wa pakhomo, osatukula n'komwe mutu.

Mphete ya mayiyo a Batire anaipinda okha kuchokera ku waya wa mkuwa n'kuikuta siliva. Chaka chilichonse, siliva akasupuka ndi kuchapa ndi kutsuka mbale, ankaimizanso m'botolo. Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi zinayi. Mawaya aja anali atada onse awiri ndi litsiro, maso a bambowo nawo atayamba nkhungu, choncho mayiyo ndiye ankapana yekha mphete yake pa waya woyenera. "Chotsani zala, abambo, mungandidyetsere chuma changa," ankatero mayiyo.

Chaka chatha mayiyo anadwala masabata atatu n'kutisiya. Zovala anagawana achemwali ake. Chithunzi chimodzi chimene chinalipo chinali chitaonongeka ndi chinyezi kalekale. A Batire anangopempha mphete.

M'mawa wina a Batire anaiona kuti mkuwa wayamba kusuzumira m'mbali. Anaitsuka, anasankha waya, anaimiza m'botolo. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa, zimene kale zinkatha mayiyo akusimba za anthu a pamsika. Tsopano wosimba panalibe. A Batire anakhala pampando uja, maso ali pamsewu, ndipo dzuwa linafika pamutu n'kupendeka iwo osadziwa.

Anawadzidzimutsa ndi mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana, yemwe anabwera kudzabwereka pulayala.

"A Batire, madzi anuwa abiriwira bwanji lero?"

Anadzuka ngati apsa. Mphete inali ku waya wofiira. Siliva yense anali atachoka, mkuwa utadyeka mpaka kutsala ngati ulusi, ndipo atangoikhudza inaduka pawiri n'kumira.

Sanalire mokweza. Anachotsa mawaya, anatseka botolo, n'kuliika pashelefu ya pamwamba. Kuyambira tsiku limenelo ndolo za anthu amazibweza pakhomo. Akuti dzanja lawo salikhulupiriranso.

Koma kufotokoza sanasiye. Aliyense wobwera kudzawaona amamusonyeza botololo. Mkuwa sunapite kulikonse, amatero, uli m'madzimo. Kungopana msomali ku waya wakuda, wonse ubwerera, ndipo adzaupala n'kupindanso mphete yomwe ija. Miyezi isanu yatha akunena zomwezo, msomali uli m'thumba la malaya.

Dzana anayambanso kufotokozera mayi wosoka uja, kachisanu ndi chiwiri. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, singano ili pakamwa. Kenako anailavulira m'dzanja.

"Mkuwawo mutulutsa, achimwene, sindikukana. Nanga chala chovala mphetecho muchitenga kuti?"