Dzino Limene Ndinasiya pa Golo ya Yohane

Kuno ku Ongar, kudziko la azungu, kukazizira, madzi a mumsewu amauma gwa ngati galasi, ndipo ine ndimayenda ngati nanzikambe, dzanja lili pampanda. Ndikamayenda choncho ndimaseka ndekha, odikira basi n'kumandiyang'ana. Sadziwa kuti ndikukumbukira a Bulazala athu a ku mishoni, kumapiri a Dedza, ndili kamtsikana ka miyendo yotuwa.

Anali mzungu wa ku Canada, nkhalamba yaitali, mapewa ngati chitseko cha tchalitchi, mphuno yopindikira kumanzere, nkhope yonse zipsera zokhazokha. Masana ankakonza mipope ndi madenga. Tikaweruka ankakhala pakhonde la sukulu n'kumatiuza, m'Chinyanja chawo chokhotakhota, kuti paunyamata ntchito yawo inali kusewera hoki, mpira womenya ndi ndodo. Ati ankavala nsapato za mpeni kunsi, n'kumathamanga pamwamba pa madzi ouma, anthu n'kumawalipira. Ife tinkagwa nako kuseka. Munthu wa Mulungu, wa korona m'thumba, kunama masanasana chonchi?

Ati iwo sankagoletsa ayi. Malo awo anali kumbuyo, patsogolo pa goloboyi, ndipo wobwera ndi mpira ankayamba wakumana ndi phewa lawo. Ankayenda pa sitima, lero tauni ya migodi iyi, mawa iyo, kumutu kopanda chotchinga. Akang'ambika pachipumi ankawasoka pomwepo ndi singano, n'kubwerera m'bwalo ulusi ukulendewera. Tsiku lina anagunda mnyamata wina amene sanadzayendenso bwino. Akafika pamenepa nkhani inkaduka, ankangodzuka n'kunena kuti tiyeni kubwalo.

Hoki yathu inali ya pafumbi, fumbi lofiira lolowa mpaka m'makutu. Ndodo zokhota anyamata ankadula kuthengo, mpira a Bulazala anasema pa tsinde la nsungwi, wolimba ngati mwala wa kumtsinje.

Mlongo wanga Yohane, wopondana naye, anali ndi mwendo umene poliyo anaufooketsa. Anzake akamathamanga iye ankangokhala pachulu. A Bulazala ndi amene anamuika pagolo, ati goloboyi safuna miyendo, amafuna maso. Mwana uja anayamba kudya, anayamba kuimba posamba, kuimba mpaka agalu kuuwa. Koma anyamata akuluakulu ankamuwombera mpira dala m'thupi, ndipo tsiku lina anafika kunyumba bondo labwino lija litatupa.

"Mwendo watsala umodzi," anatero amayi akumuthowa. "Akangobweranso ndi bala, zahokizo zathera pomwepo."

Yohane sanalire. Anangosiya kuimba.

Mawa lake ndinawapeza a Bulazala akumanga mpope. Atsikana sitinkasewera, ife yathu inali fulaye, koma ndinagwada n'kunena kuti andiike patsogolo pa mlongo wanga. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe Agnesi, uli kuopa kupweteka?"

"Ndimaopa, Bulazala."

"Chabwino. Wosaopa ali wopusa. Usayang'ane mpira, mpira uli kunama. Yang'ana chifuwa cha munthu. Akakweza ndodo, gwada patsogolo pake."

Loweruka kunabwera anyamata a kutsidya kwa dambo, ndi Lufeyo wawo, wa ndevu kale koma akadali kalasi imodzi ndi ine. Atandiona anaseka mpaka kutsamira ndodo.

"Mwaika mkazi? Choka iwe, amako akufuna madzi."

"Ndatunga kale," ndinatero.

Anabwera koyamba, ndinamutsekera, tinagwera limodzi m'fumbi. Anabweranso atakwiya. Ine maso pachifuwa, maso pachifuwa, malaya ake ong'ambika pa batani. Ndodo m'mwamba, ine pansi gwa, mpira pakamwa phwa! Ndinamva mchere, ndinamva fumbi, ndinalavulira m'dzanja, ndipo munali dzino langa lakutsogolo, loyera bwino. Kumbuyo kwanga Yohane ankadumpha ndi mwendo wake umodzi akukuwa kuti achemwali, sunalowe, sunalowe.

A Bulazala anatiperekeza kunyumba. Tinapeza amayi akupeta nyemba. Ataona magazi pa diresi anayamba athamangira Yohane, kumutembenuza uku ndi uku ngati dzungu la pamsika. Bala panalibe. Kenako anandigwira chibwano, n'kundikweza mlomo.

"Bulazala, ameneyu ndi mwana wamkazi. Adzamukwatira ndani wopanda dzino?"

Nkhalamba ija inangolowetsa zala m'kamwa n'kutulutsa mano onse akumwamba, mzere wathunthu, n'kuwaika pachikhatho. Palibe mwa ife ankadziwa kuti kuli mano oikirira. Lichero linagwa, nkhuku zinapeza phwando, amayi anakathera kuseri kwa nkhokwe.

"Mayi, ine anatha onse," anatero, masaya atalowa m'kati. "Iye limodzi basi. Ali bwino kuposa ine."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu a amayi.

"Nanga inuyo munakwatira?"

A Bulazala anaseka mpaka kukhala pamtondo, amayi anatuluka akupukuta misozi ndi chitenje, ine kuseka magazi akutuluka. Atamaliza kutola nyemba anati lamulo lawo linali la bala la Yohane, ndipo Yohane bala analibe.

Anaima pagolo paja mpaka kumaliza sukulu. Anakhala telala ku Lilongwe, ndipo aliyense wodzayezetsa buluku ankayamba wamva kuti akumuyeza ndi goloboyi. Anatisiya, Mulungu amusunge, akuimbabe pa makina. Ine ndinakwatiwa, amayi anavina, mpata wanga uli pomwepo.

Lero mdzukulu wanga Tadala amasewera hoki ya pa ayezi yeniyeni, makolo ake amamutengera kutali pa galimoto. Naye ndi wakumbuyo. Amavala chisoti cha mawaya kumaso, labala m'kamwa, zotchinga m'mawondo, moti akagwa amadzuka ngati wagwera pa matiresi. Ndikamufunsa ngati amaopa amandiyankha m'Chingerezi chake kuti pang'ono, agogo. Ine ndimathokoza, ana a lero amatchinga anzawo n'kubwera kunyumba ndi mano onse.

Mwezi watha dokotala wa mano ku Blanchardstown, kufupi ndi kuno, anandiuza kuti angathe kuikamo lina, loyera, losaoneka kuti ndi logula. Ndinamuthokoza, mwana waulemu ndithu. Ndinamuuza kuti akonze enawo, koma apa pakutsogolo asiye chonchi, ndi pa Yohane.