Voti ya Ababa Inali ku Bangwe

Tinanyamuka kunyumba ku Chilomoni hafu wanu, ababa atangomaliza kupemphera swala ya masana. Ine ndinali nditavota kale pasukulu ya pafupi ndi kwathu, nditaima pamzere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kufika paliwombo, chala chili bii ndi inki. Koma voti ya ababa inali ku Bangwe. Ndi komwe analembetsa maso asanawavute, ndipo munthu amavota komwe analembetsa, palibe zokambirana. Malo ovotera amatseka sikisi koloko.

Ababa, Che Sumani monga ankawatchulira anzawo kumzikiti, anayendetsa malole zaka zambiri. Ng'ala itawagwira maso onse awiri ndinawatenga kudzakhala kwanga, ndipo panthawiyi ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Chiyambireni zipani zambiri sanajombepo chisankho. Aliyense ankadziwa kuti dzanja lawo limagwera pa chipani cha chikasu. Ine ndiye ndinapanduka kalekale, ndipo sindinkabisa.

Pangano linali lakuti ine ndiwafikitse ku Bangwe, achimwene anga a Yusufu, omwe amakhala konko, ndiwo akalowe nawo kukawachongera, poti wosaona amaloledwa kusankha womuthandiza. Achimwenewo ndi achikasu mpaka m'mafupa. Ndikutseka chitseko chomwechi foni inalira.

"Iwe Asiyatu, ndimakudziwa," anatero achimwene, ngakhale moni. "Ukawachedwetsa dala ababa kuti chikasu chitaye voti, pakhomo panga usadzapondenso."

Ndinangodula foni. Ndikanayankha, ndikanalankhula zoti mawa lake ndidzachite nazo manyazi. Koma mawuwo anandikhala pamtima ulendo wonse, chifukwa ndinkadziwa kuti tikachedwa palibe m'banja mwathu amene adzakhulupirire kuti sindinachite dala.

Ababa anali kale panja atavala mkanjo woyera, mzuli kumutu, ndi sikafu yawo yachikasu m'khosi. Sikafuyo inali yakale moti chikasu chake chinali chitayamba kufanana ndi phala la mgaiwa.

"Ababa, lero si tsiku lovala zimenezi. Anthu mitima ili m'mwamba."

"Khosi ndi langa. Tiye."

Pasiteji ya ku Chilomoni tinadikira mpaka kota pasiti thu. Maminibasi anali ochepa, madalaivala ena atapita kukavota kumidzi, ena atabisa magalimoto kuopa miyala. Imene inabwera inatiuza faifi handiredi mmalo mwa firi handiredi yamasiku onse. Ndinayamba kukangana ndi kondakitala, ababa n'kunditsina pamkono kuti ndisiye. Tinatsika kudzera ku Namiwawa popanda wolankhula, wailesi yokha ikubwerezabwereza kuti anthu akavote mwabata.

M'tauni munali zii. Masitolo otseka ndi zitsulo, mavenda osaoneka, apolisi awiriawiri m'makona. Ndinali ndisanauonepo Blantyre uli chonchija masana, ndipo ndinachita mantha. Tinayenda pansi mpaka pa Mibawa, ine patsogolo, ababa atagwira phewa langa, akundidzudzula kuti ndikuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinawagulira nthochi ziwiri kwa mayi mmodzi yekhayo amene analimba mtima kubwera ndi lichero. Firi koloko inatipeza titakhala kutsogolo m'minibasi ya ku Limbe, tikudikira kuti idzaze.

Dalaivala atakwera anayang'ana ababa kawiri.

"Asalamu aleikumu! Si Che Sumani awa? Ndine Twaibu, munandiphunzitsa kubwerera m'mbuyo ndi ngolo!"

Ababa anamuyankha moni, akumupapasa dzanja, nkhope yonse itawala. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wa tayi, wolankhula Chinyanja chopendekera ku Chisena. Ataona mizuli iwiri kutsogolo anaseka.

"Apa ndiye mavoti awiri achikasu awerengedwa kale. Inu anzathu a mzuli simuvutitsa, timakudziwani."

"Mumatidziwa?" anatero Che Twaibu akuliza injini. "Akulu, mukukamba nkhani yakale. Ulendo woyamba ndi wachiwiri, eya, ndinavotera chikasu maso ali otsinzina. Panali mnzathu papepala, woti akalowa mumzikiti amavula nsapato osauzidwa. Tinali titatopa ndi kuonedwa ngati anthu otsalira basi. Ulendo wachitatu anatiuza kuti voterani uyu, ndi wathu. Tinavotera. Sipanapite nthawi, wathuyo anatuluka n'kukayamba chake. Kenako chaka china tikupita kukavota, papepala la pulezidenti chikasu palibe, akuti voterani omwe aja tinkawathamangitsa. Ndinaima m'kachipinda muja ngati chitsiru. Kuyambira tsiku limenelo pepala ndimawerenga ndekha."

"Ndiye lero mwachonga pati?" anafunsa bambo wa tayi.

"Mukafunse bokosi."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kwa m'mano. Ine ndinkayembekeza kuti ababa amuzazira Che Twaibu monga ankandizazirira ine kunyumba. Iwo ankangosenda nthochi pang'onopang'ono. Titadutsa mphambano ya ku Mandala ndi pomwe anafunsa, motsitsa mawu.

"Nanga kumzikiti amakupatsabe moni?"

"Ena amandipatsa, ena amandiyang'ana cham'mbali. Koma Che Sumani, oyang'ana cham'mbaliwo enanso amavala chikasu kunja kokha."

Ine ndinkangoyang'ana nthawi pafoni.

Pa Ginnery Corner, phuu! Tayala lakumbuyo. Minibasi inapepeluka n'kukaima m'mbali, azimayi akukuwa. Tonse tinatsika. Kondakitala atatulutsa sipeya, nayonso inali phwa, yopanda mpweya. Anaigubuduza kupita nayo kokapopetsa, ife n'kutsala padzuwa. Nthawi inali kota tu folo. Maminibasi awiri anadutsa odzaza mpaka pakhomo, osaima n'komwe. Foni inalira kachiwiri, achimwene, ndipo sindinayankhe.

Ndi pomwe anatulukira anyamata anayi ochokera chakumafakitale, akununkha kachasu, mmodzi atanyamula ndodo. Ataona sikafu ya ababa analunjika pa ife.

"Ashehe! Chikasu chinatha ngati makatani, simunamve? Vulani ichi!"

Wandodoyo anagwira nsonga ya sikafu n'kuyamba kukoka. Ababa, osaona amene akuwakoka, anagwira mbali inayo ndi manja onse awiri. Mzuli unagwa pansi. Koma ine pakamwa panga sipadziwa mantha. Ndinamutukwana mnyamatayo mawu oti sindingawalembe pano. Ananditembenukira, ndodo ili m'mwamba.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wonenepa yemwe tinakwera naye, wovala hijabu yakuda. Analowa pakati pathu n'kutsegula chikwama chake, kuonetsa nsalu yabuluu yopindidwa bwino.

"Mukuiona iyi? Ndine wabuluu mnzanu ine, misonkhano yanu ndimavina nawo. Koma wallahi, muwakhudzenso agogowa muone ngati simugona kupolisi. Mulibe makolo inu?"

Che Twaibu anali atafika ndi chitsulo chomasulira matayala, bambo wa tayi naye atavula jekete. Anyamatawo anachoka akutukwana. Ndinatola mzuli, kuukuntha fumbi, n'kuwaveka ababa. Ndinawapempha kachiwiri kuti sikafu ilowe m'chikwama, anakana.

"Mayi uja ndi Msilamu?" anandifunsa.

"Eya."

"Wabuluu?"

"Eya, ababa."

"Allah amudalitse," anatero.

Tinanyamuka hafu folo itadutsa. Che Twaibu anaiponda minibasi osaima pa Chichiri kapena pa Maselema, otsikira pamenepo akudandaula, iye akuti pepani, pali voti ikuthawa. Tinalowa mu Limbe faifi koloko. Pasiteji ya ku Bangwe panali chigulu cha anthu, minibasi ngakhale imodzi. Ndinaima pamenepo misozi ikulengeza. Ndinayamba kale kumva mawu a achimwene pamaliro, paukwati, pa Idi iliyonse: uyu ndi amene anawamana ababa voti yawo yomaliza.

Panatsala njinga zamoto zokha. Ababa moyo wawo wonse ankazitcha mabokosi a maliro a matayala awiri.

"Ababa, palibe njira ina."

"Bisimilahi. Ndikweze."

Wakabaza anati sauzande faifi, ndinangovomera. Tinakwera atatu, ababa pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, mkanjo ukuuluka. Pamsewu wa ku Bangwe paja pali maenje odziwa ntchito yawo, ndipo pa dzenje lililonse ababa ankamulangiza wakabazayo magiya ngati akuona. Tinafika pasukulu twente tu sikisi.

Achimwene anali pageti, thukuta kamukamu. Sanandiyang'ane n'komwe. Anawavula ababa sikafu, poti zovala zachipani salowa nazo, n'kuipinda m'thumba lawo. Anthu a pamzere anatipatsa mpata chifukwa cha ukalamba. Mayi woyang'anira atapeza dzina m'kaundula anafunsa kuti, "Agogo, akuthandizeni ndani?"

Achimwene anali atatambasula kale dzanja. Koma ababa anapapasa m'mbuyo mpaka kupeza mkono wanga.

"Uyu."

"Ababa!" anatero achimwene. "Mwaiwala kuti uyu ndi wa chiyani?"

"Wandinyamula kuchokera ku Chilomoni, amalize ntchito yake. Iwe sunga sikafu."

Mayi wa kaundula uja anati wovota wanena, nkhani yatha. Achimwene anandiyang'ana diso loti likanakhala mpeni bwenzi pano kulibe Asiyatu.

M'kachipinda ka makatoni muja tinapanikizana awiri. Ndinayala pepala la pulezidenti, cholembera ndikuchilozetsa kale pa chikasu.

"Werenga mayina onse, limodzilimodzi," anandinong'oneza.

Ndinayamba kuwerenga. Nditafika pa wachikasu ndinaima.

"Pitiriza."

Ndinaganiza kuti sanamve. Ndinabwereza dzinalo mokweza pang'ono.

"Ndamva. Makutu ndili nawo. Pitiriza."

Ndinapitiriza. Nditafika pa amene ndinamuvotera ine m'mawa uja ndinachedwa dala, ndikuti mwina mikangano yonse ya pakhonde ija yabala zipatso. Anati pitiriza. Ndinawerenga dzina lina.

"Pamenepo."

Sindikuuzani kuti anali ndani. Ndingoti anali munthu amene ine sindikanamuvotera ngakhale atandigulira nyumba ku Nyambadwe.

"Ababa, ameneyu?"

"Wabwera kudzandiphunzitsa kapena kudzachonga?"

Ndinene zoona, Satana anandiyandikira. Kabokosi ka munthu wanga kanali pomwepo, kutalika kwake chala chimodzi, ndipo mwini voti sakanaona. Ndinayang'ana nkhope yawo, maso oyera aja akuyang'ana katoni. Munthu uyu anali atamva chipongwe cha achimwene, atalimbana ndi zidakwa, atakwera njinga yomwe ankaida, zonsezi kuti apeze dzanja limodzi loti silingamubere. Ndinachonga pomwe ananena. Ndinawagwira dzanja, iwo eni n'kuponya m'bokosi.

Titatuluka pageti anaitanitsa sikafu yawo n'kuikulunganso m'khosi. Achimwene anandikokera pambali.

"Wachonga pati? Lumbira."

"Wallahi, ndachonga pomwe ababa anena."

Anatembenukira kwa ababa. "N'zoona?"

"Mwana uyu ndi wamakani, koma si wakuba," anatero ababa.

Achimwene anapuma mpweya wautali, n'kuyamba kuseka, mpaka kundigulira chinangwa chokazinga pakona. Ankauza aliyense wodutsa kuti mdala wakwanitsa, chikasu chalowa. Ine chinangwacho ndinangochigwira m'manja osachidya.

Iwo atapita kukasaka galimoto yotibweza, ndinawafunsa ababa kuti nanga sikafuyi ndi ya chiyani.

"Iyi ndi ya anzanga amene tinkakwera nawo lole kupita kumisonkhano. Ambiri ali kumanda. Sindingawavule. Koma amene ali kumanda sagula ufa." Anaikonza sikafuyo m'khosi. "Yusufu sangazimvetse. Udzamuuze ine ndikadzapita."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva anthu pawailesi akutiwerenga Asilamu ngati matumba a m'lole imodzi, oti komwe kwalowera dalaivala ndi komwe apita onse, ndimakumbuka minibasi ija. Tinalimo Asilamu anayi, ndipo ndikukayika ngati awiri mwa ife anachonga malo amodzi.

Ababa anatisiya chaka chatha. Pa sadaka yowakumbukira achimwene anaimirira n'kuuza anthu kuti Che Sumani anafa ali wachikasu, osagwedezeka ngati ana a masiku ano. Ndinali kumbali ya azimayi, ndikupukuta mbale, ndipo ndinalephera kutsegula pakamwa. Papita miyezi ndikuyeserera kuti ndiyambira pati, ndiye ndalemba.

Achimwene, sikafu ija sungani ndithu, ababa ankaikonda. Koma voti ija sinali yanu, ndipo sinali yanga.